Mwambo wa Lenti pa Boma la Phalombe

Lenti ndi nyengo ya masiku 40, osawerengera Lamulungu, imene Akatolika amayamba Lachitatu la Phulusa pokonzekera Pasaka, ndipo pa Boma la Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, mu Arkidayosizi ya Blantyre, imafika chimanga chisanakhwime ndiponso nkhokwe zambiri zili gwaa. Pachifukwa ichi kusala kudya, komwe Mpingo umalamula pa tsiku la phulusalo ndi Lachisanu Loyera, kumakhala ndi kulemera kwake, chifukwa banja lotapa ufa pa wochepa womwe lili nawo n'kupatsa wamasiye wa mu mphakati, gulu la mabanja oyandikana opemphera pamodzi, limapereka chimene likuchifunanso.

Phulusa la pamphumi silisankha mphunzitsi kapena wogulitsa nandolo, ndipo onse amagwada mofanana pa zigawo 14 za Njira ya Mtanda Lachisanu. Kudzichepetsaku kumayesedwa kwambiri m'banja, pakuti pakati pa Alhomwe, kumene mwamuna mwamwambo amakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, kupepesa mnzako ankhoswe asanaitanidwe n'kovuta kuposa kusiya nyama. Mabanja amene amachita zimenezi ndiwo akusunga Lenti moyenera.