Manja Kumbuyo

Lachiwiri ndi Lachinayi masana, bambo awa amakhoma shedi yawo ya m'mbali mwa msewu wa M6, pomwe mathiraki opita ku Zóbuè ndi ku Tete amandandalika kudikira mapepala, n'kukwera kabaza kupita kukaphunzitsa. Dzina lawo ndilisunga. Madalaivala amawaitana kuti amisiri, ophunzira amati aphunzitsi, ndipo iwo amayankha maina onse awiri mofanana. Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo. Uphunzitsi ndi ganyu chabe, wolipidwa powerenga maola, pa kasukulu ka ntchito zamanja komwe mphunzitsi wokhazikika sangakwanitse yekha magulu onse.

Anthu otere ndi ambiri m'dziko muno kuposa momwe timaganizira. Chikhazikitsireni TEVETA mu 1999, makamaka kuyambira 2015 pomwe boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera, poyambira ku Ngara m'boma la Karonga, pakhala pakufunika alangizi ochuluka. Ena anachita maphunziro a uphunzitsi ku Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS. Koma ena ndi amisiri basi, a satifiketi ya Trade Test, amene tsiku lina anangopatsidwa choko ndi buku la silabasi n'kuuzidwa kuti kalasi ndi iyo.

Mmisiri akalowa m'kalasi koyamba amagwa m'dzenje limodzi mwa awiri. Mwina mantha amamukankhira ku bolodi, nadzaza bolodi yonse ndi manotsi achingerezi oti ana akopere mpaka belu lilire. Apo ayi amachita zomwe manja ake anazolowera: wophunzira akangolakwitsa pang'ono, iye walanda kale chogwirira, wawotcherera yekha mzere wosalala bwino, ana aombera m'manja, ndipo palibe waphunzira kanthu. Aphunzitsi athuwa amavomera kuti chaka chawo choyamba anagwera m'maenje onse awiri. Chimene ndinapitira kukaona ndi momwe anatulukiramo.

Poyamba ndinaona kaimidwe kawo. Wophunzira akagwira chogwirira, iwo amaika manja kumbuyo, dzanja lina litagwira mkono wa linzake, ngati wapolisi wa pa pelete. Sachita izi mwangozi. Manja amene awotcherera matanki, mabampala ndi zitsulo za ngolo za mathiraki kwa zaka zambiri amayabwa akaona rodi ikugwidwa molakwika, ndiye amawamanga okha. Chotsala ndi pakamwa ndi khutu.

Khutulo ndiye chuma chawo. Makina owotcherera pamalopo ndi awiri, zishango zotchingira kumaso ndi zinayi, ophunzira amapitirira makumi awiri. Kunena kwina, nthawi iliyonse anthu ambiri m'chipindamo saloledwa kuyang'ana motowo, chifukwa aliyense amene anauyang'anapo ndi maso osatchinga amadziwa usiku umene umatsatira, maso akulasa ngati muli mchenga. Mlangizi wina akanawasiya anawo akhale pabenchi, azisewera ndi mafoni podikira nthawi yawo. Awa amawatembenuza onse kuti ayang'ane kukhoma, n'kunena kuti mvetserani.

Rodi ikakhala pa mtunda woyenera, pafupifupi kunenepa kwa rodiyo kuchokera pachitsulo, phokoso lake limakhala ngati tchipisi ikukazingika pa chiwaya, losadukiza, lothetheka mofanana. Ikatalikira, phokoso limasanduka lofwenthera, zoyaka zikumwazikira uku ndi uku. Mphamvu ikachepa, rodi imamatirira ndipo makina amang'ung'udza ngati ng'ombe yomangidwa. "Achimwene a malaya ofiira, mwamva chiyani?" Mnyamata amayankha nkhope ili kukhoma kuti yatalikira. "Chemwali, mukuvomereza?" Mtsikana akuti ayi, mphamvu ndiyo yachuluka. Moto ukazima onse amatembenuka kukaona chitsulo, ndipo chitsulocho ndicho chimagamula mlandu. Mwa njira imeneyi rodi imodzi yaphunzitsa kalasi yonse.

Marodi amawerengedwa ngati mapiritsi a kuchipatala. Paketi ya 6013 ya mamilimita 2.5 ikatha, ina imabwera pomwe ibwerere. Choncho palibe amene amayatsa makina asanayeseze "chouma". Aphunzitsi amapanitsa pensulo pa chogwirira, amayala pepala pathebulo, wophunzira n'kumakoka mzere, pensulo itapendekera pang'ono mbali yomwe akupita, chigongono chitatsamira, mpweya akuutulutsa pang'onopang'ono. Kuyatsa kwenikweni amakufanizira ndi kukhwatcha machesi: ukhudze, ukoke, unyamule pang'ono. Magetsi akathima, zomwe sizichedwa kuchitika, phunziro silifa. Mapensulo amatuluka, kapena amatenga zidutswa zowotcherera dzulo n'kuyamba kuziwerenga ngati kalata.

Kuwerenga chitsuloko ndi gawo limene ndinalikonda koposa. Chikhungwa chakuda chotsala pamwamba pa mzere iwo amachitcha nkhoko, ndipo mwana aliyense woleredwa pa nsima amamva msanga. Mzere ukapsa bwino, nkhoko zimadzitukula zokha chitsulo chikamazizira, kungozikhudza ndi kahamala zagwa. Ukazigogoda mpaka thukuta, dziwa kuti pansipo pali vuto. Akatero amapanitsa chidutswacho pa vayisi n'kupereka hamala yaikulu kwa mwini wake yemwe. Menya. Mzere wooneka bwino kunja nthawi zina umathyoka pa kumenya kwachitatu, mkati muli timabowo ngati chisa cha chiswe, kapena zitsulo ziwirizo zitangonamizana pamwamba osalowana. Aphunzitsi sanena kuti walephera. Amafunsa kuti chachitika n'chiyani apa, n'kudikira. Amatha kudikira nthawi yaitali moti ine mlendo ndinayamba kuchita manyazi m'malo mwa mwanayo. Koma yankho likatuluka, limakhala la mwanayo.

Pali nkhani ya chilankhulo, imene imapweteka alangizi atsopano ambiri. Mayeso amabwera m'Chingerezi, pomwe ophunzira ena anasiyira sukulu pa Fomu 2, ena anakulira tsidya lina la malire komwe sukulu ndi ya Chipwitikizi. Iwo amayamba ndi chinthu chenichenicho m'manja, amachitchula m'Chichewa, ndipo dzina la m'buku limabwera pomaliza. Pakona ya bolodi pamakhala mawu achingerezi asanu okha pa tsiku, osapitirira. Wophunzira asanatuluke pakhomo amaloza pa chitsulo chomwe liwu lililonse likutanthauza. Ndimakayika ngati njira iyi ingamalize silabasi yonse pa nthawi yake, ndipo iwonso amadandaula kuti mbali ya zowerengera ndi zojambula imatsalira m'mbuyo. Koma mawu asanuwo amakhazikika.

Uganyu uli ndi zowawa zake. Alibe ofesi, alibe kabati yosungiramo kanthu. Kaundula wa ophunzira amayenda naye m'thumba la ovolosi, ndipo ali ndi madontho a girisi. Misonkhano ya aphunzitsi imachitika m'mawa iwo ali pansi pa thiraki, zosintha amazimvera kwa ophunzira. Foni imalira pakati pa phunziro, dalaivala wathyokeredwa chitsulo pamalire ndipo akufuna kuwoloka lero lomwe, ndalama yake yoposa ya maola onse a sabata imeneyo. Ndinawaona akuyang'ana foniyo, n'kuitembenuza chafufumimba pawindo. Sindikunena kuti amatero masiku onse. Munthu ali ndi ana kunyumba.

Komabe shedi ija ndiyo imadyetsa kalasi. M'thumba lawo la saka mumatuluka zinthu zomwe buku silingapereke: bulaketi yothyoka ya thiraki yochokera ku Beira, chitsulo cha ngolo chomwe wina anawotcherera mothamanga ku Tete n'kudzalekera pa Mwanza. Amachiyendetsa m'manja mwa onse. Mmisiri mnzathu ameneyu analakwitsa pati? Ana amene mawa adzakhala akupanga mafelemu a zitseko, mbaula ndi mashelefu a amayi ogulitsa manachesi amaona ndi maso kuti mzere wa masentimita khumi ungagoneke katundu wa matani makumi atatu pamsewu.

Tsiku lomaliza lomwe ndinakhalapo, mtsikana wina wamng'ono thupi, amene anzake ankati amaopa moto, anamatiritsa rodi katatu kotsatizana. Anyamata kukhoma kuja anayamba kuseka. Aphunzitsi anangoti, "Amene sanamatiritsepo rodi aseke," ndipo kunati zii. Ndinaona zala zawo kumbuyo zikufinyana. Anawerama pafupi ndi chishango cha mtsikanayo n'kunena motsitsa kuti, "Machesi, chemwali. Musabaye, khwatchani." Kachinayi moto unagwira, unadzandira pang'ono, kenako chiwaya chinayamba kuthetheka. Mmodzi mwa oyang'ana kukhoma anafuula kuti yakhala bwino imeneyo, asanaone n'komwe. Mzerewo unali wokhota ngati njira ya mbewa, koma chitsulo chitazizira nkhoko zinatukuka mbali imodzi. Aphunzitsi anamasula manja, natola hamala yaikulu ija, n'kumupatsa.