MIYESO IWIRI YA ALEMBI A NKHANI

Pa bwalo la makolo athu mlandu sunali kugamulidwa mboni zisanalankhule, ndipo munthu wothamangira kuchula dzina la wopalamula anali kudzitengera manyazi. Ndi muyeso womwewo tifuna kuyesa manyuzipepa ena a ku Ulaya ndi ku America, pa macitidwe ao polemba za Asilamu.

Pa 22 July 2011 bomba linaphulika m'mudzi waukuru wa Oslo ku Norway, ndipo tsiku lomwelo munthu wa mfuti anaombera anyamata ndi asungwana pa cisumbu ca Utøya. Akufa onse anakwana 77. M'mawa mwace nyuzipepa ya ku London yochedwa The Sun inalemba pa tsamba loyamba, ndi malemba akuru, kuti nchitoyi inali ya Al Qaeda. Koma wakuphayo anali Anders Breivik, mbadwa ya Norway, amene anacita coipaci cifukwa ca kudana ndi Cisilamu. Potero anthu amene iye anawada ndiwo anayamba kusenza mlandu wace. Ndipo sikunali kuyamba: m'caka ca 1995, bomba litapha anthu 168 ku Oklahoma City, onena nkhani ambiri analoza cala ku maiko a Aluya, kufikira kunadziwika kuti wocitayo anali Timothy McVeigh, Mzungu amene kale anali msilikari wa America.

Taonani tsono muyeso waciwiri. Pa 15 March 2019 munthu wina anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch, ku New Zealand, pa tsiku la mapemphero. Nyuzipepa ya Daily Mirror inasindikiza cithunzi ca wakuphayo ali kamwana, nimfanizira ubwana wace ndi wa mngelo. Mzungu akapha, alembi afunafuna ubwana wace ndi nthenda ya mtima wace, ndipo cimo likhala lace yekha. Msilamu akapha, afunsa cipembedzo cace cokha, ndipo cimo ligwera onse opemphera naye. Anthu ophunzira, Erin Kearns ndi anzace, anawerenga nkhani za ucigawenga wocitika ku America kuyambira 2006 kufikira 2015, napeza kuti wocitayo akakhala Msilamu, nkhani zace zinali kucuruka koposa kanai.

Sitikana kuti alipo opha anthu m'dzina la Cisilamu. Mwazi wa anthu pafupi-fupi 3,000 amene anafa ku America pa 11 September 2001, ndi wa anthu 52 amene anafa ku London pa 7 July 2005, sitingaubise, ndipo mlembi woubisa akadakhala wonama. Koma mboni yoona inena zonse. Zigawenga za Taliban zitalowa m'sukulu ku Peshawar, ku Pakistan, m'caka ca 2014, ana oposa 130 amene zinawapha anali a m'dziko la Asilamu, ndipo amai olira maliro ao anali kupemphera kwa Allah. Wowerenga amene aonetsedwa Msilamu ali ndi mfuti masiku onse, osamuona konse ali pa maliro, pa munda kapena pa nchito ya udotolo, wapatsidwa theka la coonadi. Ndipo theka lotere lisokeretsa koposa bodza loonekera.

Ena adzati, Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mwambiwu uyenera nsomba za mu dengu, koma suyenera anthu, pakuti yense adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Ife Akristu sitikadalola kuti Mpingo wonse uyesedwe ndi nchito za Ku Klux Klan, cinkana iwo anyamula mtanda.

Nkhani zimenezi zifika kwathu kuno pa wailesi ndi pa lamya za m'manja, ndipo ziwerengedwa ndi anthu okhala mudzi umodzi ndi Asilamu, ku Mangochi, ku Nkhotakota ndi kwina, otunga pa citsime cimodzi ndi kuikana maliro. Lamulo loletsa umboni wonama limanga wolemba, limanganso wowerenga amene atenga mau osayesedwa nakawauza mnzace. Cifukwa cace, abale, mukamva mbiri ya mwazi, yambani mwafunsa kuti waona ndani, ndipo dzina lachulidwa ndi mboni kapena ndi cizolowezi cabe. Kuona maso a nkhono nkudekha.