Mwana wa pa Chithunzi ndi Mwana wa m'Nyumba

Mu mzinda wa New York, m'nyumba yosungiramo zaluso yotchedwa Museum of Modern Art, muli chithunzi chimene munthu akachiona sachiiwala msanga. Kamwana kofunda kansalu kofiira kakhala pakati pa zitsulo zothyokathyoka, kakulira. Pambuyo pake pali chimutu chachikulu cha mwana yemweyo, kukamwa kuli yasa, ndipo kamwanako kakuoneka ngati katuluka m'kamwamo. Palibe mayi, palibe bambo, ngakhale msilikali amene wadzetsa tsokali saoneka. Chithunzichi, chotchedwa Echo of a Scream, adachijambula David Alfaro Siqueiros wa ku Mexico m'chaka cha 1937. Ife tikuti mwa ntchito zake zonse iyi ndiyo yonena zoona koposa, ndiponso ndiyo imene imamuimba mlandu mwini wakeyo.

Siqueiros adabadwa mu 1896 namwalira mu 1974. Asanakwanitse zaka 20 adalowa usilikali pa nkhondo yosintha ulamuliro ku Mexico. Nkhondoyo itazizira, nduna ya maphunziro, José Vasconcelos, idapereka makoma a nyumba za boma kwa akatswiri ojambula, kuti anthu osadziwa kuwerenga aone mbiri ya dziko lawo ndi maso. Atatu ndiwo adatchuka: Diego Rivera, José Clemente Orozco ndi Siqueiros. Iyeyu, amene adali wa chipani cha Chikomyunizimu, ankanena kuti luso ndi la anthu onse, lisamabisidwe m'nyumba za olemera. Ankakonda utoto wa galimoto ndi chida chopopera utoto, zipangizo za anthu ogwira ntchito m'mafakitale.

Kulimba mtima kwake kudaonekera ku Los Angeles mu 1932. Omlemba ntchito ankayembekeza kuona mitengo, zipatso ndi mbalame zokongola pa khoma la mu msewu wa Olvera. Iye adajambulapo mmwenye wa ku America atapachikidwa pa mtanda, chiwombankhanga cha United States chitatera pamwamba pake. Adadziwa kuti ku Mexico mlimi aliyense amamva tanthauzo la mtanda, nchifukwa chake adabwereka chizindikirochi pofuna kunena za kuzunzika kwa amphawi. Akuluakulu a mzindawo adapsa mtima, ndipo patapita zaka zochepa chithunzicho, América Tropical, chidafutidwa ndi njereza.

Mpaka apa tikadangomuombera m'manja. Koma pa 24 Meyi 1940, m'bandakucha, Siqueiros, amene adali atabwerako ku nkhondo ya ku Spain, adatsogolera gulu la amuna ovala ngati apolisi ndi asilikali kukathira nkhondo nyumba ina ku Coyoacán. M'nyumbamo munkakhala Leon Trotsky, mdani wa Stalin wothawa kwawo. Adawombera zipolopolo zoposa 200 m'zipinda zogona. Trotsky ndi mkazi wake adapulumuka atabisala pansi, koma mdzukulu wawo wa zaka 14 adavulala phazi. Mlonda wina, Robert Sheldon Harte, adapita naye, ndipo pambuyo pake adapezeka ataphedwa. Pa mlandu Siqueiros adati ankangofuna kuopseza kuti Trotsky achoke m'dzikomo. Mu 1941 adathawira ku Chile mothandizidwa ndi mlakatuli Pablo Neruda.

Kuchokera pa chithunzi chija kufika pa m'bandakucha umenewu padangopita zaka 3. Munthu amene adamva kulira kwa mwana wosamudziwa pakati pa mabwinja sadaganizeko za mwana wogona kuseri kwa chitseko. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sadaonjezepo kuti tiyambe tafunsa chipani cha agogo ake.

Matenda omwewa tikuwaona m'luso la ukalamba wake. Adakhala m'ndende ya Lecumberri kuyambira 1960 mpaka 1964 chifukwa chodzudzula boma ndi kuikira kumbuyo antchito omangidwa, ndipo pamenepo tiyenera kumpatsa ulemu wake. Atatuluka adayamba ntchito yaikulu koposa zonse, La Marcha de la Humanidad, ndiye kuti ulendo wa mtundu wa anthu, imene idadzaza makoma ndi denga la nyumba ya Polyforum, yotsegulidwa ku Mexico City mu 1971. Munthu akaimirira m'menemo amachita chizungulire ndi khamu la anthu othamangira kutsogolo. Mphamvu ilipo, koma nkhope zimasowa m'chigulumo. Wojambula adakonda mtundu wonse wa anthu kwambiri mpaka munthu mmodzi adamchepera. Kamwana kaja ka pa thabwa losakwana mamita 2 kamatigwira mtima kuposa khamu lonselo, pakuti chisoni chimadziwa kulirira munthu mmodzimmodzi.

Tsono timtani munthu wotere? Ena angafune kufuta zithunzi zake chifukwa cha mfuti, ena kufuta mfutiyo chifukwa cha zithunzi. Onsewo ndi opaka njereza. Khoma la ku Los Angeles lija akatswiri adalikonza, ndipo mu 2012 lidatsegulidwanso kuti anthu alione, utoto wake utazirala koma mtanda ukuonekabe. Moyo wa Siqueiros nawo tiuone wonse, wosapakidwa kanthu. Ndipo ife amene timakonda kulankhula za chilungamo cha anthu ambiri, tisanagogode pa khomo la amene timamuyesa mdani, tiyambe tafunsa amene wagona m'chipinda chinacho.