Manambala Anayi pa Chidutswa cha Katoni

Galimoto zambiri zonyamula anthu pakati pa Milonde, msika wa Limbuli ndi chipata cha Muloza zinafika kuno zitatumikira kale zaka zingapo ku Japan. Sienta yopangidwira anthu asanu ndi awiri imasenza anthu, matumba a chimanga chochokera ku Milange, nthochi ndi nanazi, m'fumbi la chilimwe ndi m'matope a dzinja. Tsiku lina imayamba kufooka pachitunda, kunjenjemera ikaima, ndiponso kumwa oilo. Apa ndi pomwe amakaniko amasiyanirana. Wina amangotchera khutu kamodzi n'kugamula kuti, "Bwana, injini yatha, tiigwetse." Yemwe ine ndimamuvulira chipewa amayamba watulutsa geji yokhala ndi kapaipi ka labala, kuti ayeze kompuresheni asanakhudze bawuti iliyonse ya pa hedi.

Injini ya petulo imayenda m'magawo anayi, monga anaikonzera Nikolaus Otto ku Germany mu 1876. Pisitoni imatsika kukoka mpweya ndi mafuta, imakwera kuzifinya, pulagi imayatsa moto womwe umaikankhira pansi, kenako imakweranso kutulutsa utsi. Mphamvu yagona pa kufinyako. Mu injini ya Toyota ya 1NZ, yomwe ili mu Sienta ndi Probox zambiri, mpweya umapanikizidwa mpaka kutsala m'kamalo kochepera kakhumi ndi theka. Zoutchinga kuti usathawe ndi zitatu basi: maring'i a pisitoni, mavavu, ndi gasiketi ya hedi. Chimodzi chikatopa, mpweya umapeza podzera.

Luso la mmisiriyu limaonekera pokonzekera, geji isanalowe n'komwe. Amayamba waliza injini kuti itenthe, pakuti zitsulo zikatentha zimafufuma n'kugwirana monga zimachitira pamsewu. Injini yozizira imanama. Asanamasule mapulagi amapemerera fumbi lonse lomwe launjikana m'maenje mwake, chifukwa kamchenga kamodzi kakagwera mu silinda kamakanda khoma. Amachotsa mapulagi onse anayi, osati imodzi yokha, kuti sitata izungulitse injini mopepuka, ndipo amawandandalika mwa dongosolo lake, poti pulagi yakuda ndi oilo imaulula kale za silinda yomwe yachokamo. Amazula fyuzi ya pampu ya mafuta ndi mawaya a makoilo. Batire ikakhala yofooka amabwereka ina kaye, sakakamira. Akatero amauza mnyamata yemwe akumuphunzitsa ntchito kuti, "Mphwanga, ponda mafuta mpaka pansi, usasiye. Liza!" Kupondako n'kofunika, chifukwa khomo la mpweya likakhala lotseka silinda siidzaza, ndipo manambala onse amatsika popanda vuto lenileni.

Maso ake sadikira pomwe muvi wa geji uimire. Amaonetsetsa kadumphidwe kake koyamba. Silinda yabwino imaponya muvi patali pa kugunda koyamba komwe, n'kumaliza msanga. Ya maring'i otha imayamba motsika n'kumakwera pang'onopang'ono. Ya vavu yopsa imayamba motsika n'kukhala pomwepo. Amalola injini kugunda kasanu kapena kasanu n'kamodzi, mofanana pa silinda iliyonse, n'kulemba nambala pa chidutswa cha katoni: 175, 170, 110, 175. Amadziwa kuti geji yake yakalamba ndipo ingaphonye pang'ono, n'chifukwa chake chomwe amakhulupirira kwambiri ndi kusiyana kwa manambalawo. Masilinda a injini imodzi sayenera kutalikirana kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Apa yachitatu yadzionetsa yokha.

Chomwe chimanditenga mtima kwambiri chimabwera tsopano. Amatunga oilo wokwana kasupuni ka tiyi, n'kuthira pa bowo la pulagi ya silinda yodwalayo, n'kuyezanso. Oiloyo amayenderera m'mbali mwa pisitoni n'kumata kwa kanthawi mipata yomwe maring'i asiya. Muvi ukadumpha kuchoka pa 110 kufika cha m'ma 150, mlandu ndi wa maring'i kapena khoma la silinda, ndipo mwini galimoto akonzekere ndalama zambiri. Ukakana kusuntha, mpweya ukuthawira kumtunda, ku mavavu kapena ku gasiketi, komwe oilo sangafike. Pamenepo kuchotsa hedi yokha n'kokwanira. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, amakayikira gasiketi kuti yapsa pakati pawo, ndipo amafunsa dalaivala kuti, "Achimwene, kodi inawirako posachedwapa?" Ndi oilo wosakwana n'komwe kukazingira dzira, munthuyu waona m'kati mwa chitsulo chomwe sanachitsegule.

Kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje kuli chifukwa chinanso chotsitsa manambala. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasefukiza mitsinje, ndipo chaka chilichonse madalaivala amaoloka madzi omwe sayenera kuoloka. Madzi safinyika. Injini ikawamwa, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti chimatha kupindika pang'ono, galimoto n'kumayendabe. Pisitoniyo siifikanso pamwamba penipeni, choncho nambala yake imatsika ndipo oilo saikweza. Mmisiri wodziwa dera lake amafunsa za madzi asanaweruze mavavu.

Galimoto za dizilo, monga ma Hiace akale, amayezera pa bowo la hita pulagi ndi geji ina yolimba, chifukwa kufinya kwake kumaposa kawiri kwa petulo. Geji ya petulo singapirire pamenepo.

Ntchito yonseyi siidya ola lathunthu, komabe imalekanitsa kugula gasiketi imodzi ndi kugulitsa mbuzi zonse za m'khola. Makaniko yemwe amayeza amadzimana ndalama za ovaholo zomwe akanatha kulandira mwini galimoto osadziwa kanthu, ndipo ine ndimauona umenewu ngati ukatswiri weniweni. Inu eni galimoto a ku Milonde ndi ku Limbuli, musanavomere kuti injini yanu igwetsedwe, kapena musanapereke ndalama pogula galimoto yogwirapo kale ntchito, uzani amakaniko kuti akuyezereni kompuresheni inu muli pomwepo, ndipo akulembereni manambala onse anayi.