Utoto Wobisa ndi Utoto Woulula: Zithunzi za James Tissot za Moyo wa Ambuye

Makolo adati madzi akatayika saoleka. Mwa amisiri onse, amene amaudziŵa bwino mwambi umenewu ndi wojambula zithunzi ndi utoto wa madzi. Utotowo ndi fumbi lamitundumitundu losakaniza ndi utomoni wa mitengo ya mthethe, ndipo akausungunula m'madzi naupaka pa pepala, umaloŵerera msanga. Kuyera konse kumene timaona m'chithunzi chotere si utoto ai, ndi pepala lenilenilo limene mmisiri walisiya losapaka. Nchifukwa chake amayamba ndi mitundu yoŵala natsiriza ndi yakuda. Akadetsa pamene panayenera kuŵala, angathe kutsukapo pang'ono, koma banga silichoka lonse. Ulipo utoto wina wa madzi umene Afalansa amautcha gouache. Umenewu amauthira zoyera zonga njereza, kotero kuti umaphimba zonse za pansi pake. Wina umaulula cholakwa, wina umachibisa. Kusiyana kumeneku kutithandiza kuweruza ntchito ya James Tissot, amene adajambula moyo wa Ambuye ndi utoto wachiŵiriwu.

Tissot adabadwira ku Nantes, m'dziko la France, m'chaka cha 1836. Adatchuka pojambula akazi olemera ndi zovala zao, poyamba ku Paris, kenaka ku London kumene adasamukira mu 1871. Kumeneko adakhala ndi Kathleen Newton popanda ukwati wa mu Eklezia, mpaka maiyo adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1882. M'zaka zomwezo adajambula fanizo la mwana woloŵerera, atamuveka zovala za masiku akewo. Mu 1885, ali m'tchalitchi cha Saint-Sulpice ku Paris, adaona, monga adanenera mwini wake, masomphenya a Ambuye akutonthoza amphaŵi aŵiri pa bwinja. Kuchokera apo moyo wake udatembenuka. Adapita ku Dziko Loyera mu 1886 ndiponso mu 1889, ndipo pa ntchito yonse imene idatsatira, zithunzi 350 zidagulidwa mu 1900 ndi nyumba yosungiramo zaluso ya ku Brooklyn.

Woyang'ana zithunzizi sachedwa kuona kuti mmisiriyu ankaopa kulakwa. Mwala uliwonse wa pa khoma, mzere uliwonse wa pa mkanjo, ngakhale mitsuko ya akazi pa chitsime, zonse adazilondola ngati mboni imene ikuopa kugwidwa bodza pa bwalo. Cholinga chake chinali chabwino: anafuna kubwezera Yesu kwao, pakati pa Ayuda anzake, popeza amisiri akale adazoloŵera kumuika m'midzi ya ku Italy ndi ku Flanders. Pamenepa tiyenera kumuthokoza, pakuti Mwana wa Mulungu adakhaladi munthu wa fuko lina, pa malo ena, pa nthaŵi ina.

Komabe mantha omwewo ndiwo adafooketsa zithunzi zambiri. Anthu ake kaŵirikaŵiri amaima ngati ochita seŵero amene auzidwa poima, ndipo maso athu amatanganidwa ndi nsalu kuiŵala nkhope. Sitikunena kuti Tissot adasankha utoto wophimba kuti abise kanthu ai, koma utotowo udagwirizana ndi mtima wake wosafuna kusiya banga. Chodabwitsa nchakuti pothaŵa zolakwa zazing'ono adagwa m'cholakwa chachikulu: adayesa kuti mavalidwe a anthu amene adaŵaona ku Palestine anali omwe aja a nthaŵi ya Herode, ngati kuti zaka zoposa 1,800 zidapita osasintha kanthu.

Chilipo chithunzi chimodzi chimene chimaposa zinzake zonse, chija choonetsa zimene Ambuye ankaona ali pa mtanda. M'menemo Yesu saonekamo, koma mapazi ake okha m'munsi mwa pepala. Ife oyang'ana takwezedwa pa mtanda pomwepo, ndipo tikuona khamu lonse ndi maso ake: Maria Magadalena pa tsinde, Amai Maria ndi Yohane, asilikali, akuluakulu a Ayuda, ndipo chapatali khomo la manda. Apa Tissot adaleka kufunsa kuti Yesu ankaoneka bwanji, nayamba kufunsa kuti ife timaoneka bwanji pamaso pa Yesu. Funso limeneli silidachokere ku maulendo ake a ku Yerusalemu. Ndi funso la munthu amene adalakwapo, ndipo akudziŵa kuti ali m'khamumo, ndi kuti maso amene akumupenya sakumutaya. Zaka zimene iye akadakonda kuzifafaniza ndizo zidamupatsa chithunzi chake chopambana.

Mthenga Wabwino umafanana kwambiri ndi utoto woulula uja. Alembi onse anai adalemba kuti Petulo adakana Mbuye wake, ngakhale anali mtsogoleri wa Apostoli. Pa nyanja ya Tiberiasi, Yesu sadachite ngati kukanako sikudachitike. Adamufunsa katatu za chikondi chake, monga adamukanira katatu, ndipo pa banga lomwelo adajambulapo mbusa wa nkhosa zake. Ngakhale thupi louka kwa akufa lidasunga mabala, ndipo Tomasi adakhulupirira poona mabalawo. Pa usiku wa Pasaka Eklezia amafika mpaka poimba za mwai umene udatulukira m'kulakwa kwa Adamu. Izi sizitanthauza kuti tchimo ndi labwino, kapena kuti tizichimwa dala kuti chaulere chichuluke. Paulo Woyera adatsutsa maganizo otere m'kalata yake kwa Aroma. Mmisiri wanzeru sataya utoto dala pa pepala. Koma ukatayika, sang'amba pepalalo. Amadikira kuti liume, amayang'anitsitsa bangalo, ndipo pamene panayenera kukhala thambo loyera amajambulapo mtambo wa mvula.

Tsono nkhaniyi itikhudza ife tonse amene tikukonzekera kukakhala m'kanyumba kolapira ndi kumva zolakwa za anzathu. Wophunzira amene wazoloŵera kuphimba zofooka zake pamaso pa aphunzitsi ndi pamaso pa bambo wake wauzimu, adzakhala wansembe wosalala kunja, koma wosadziŵa choyankha mkhristu amene wabwera ndi moyo wothimbirira. Chikhululukiro cha Mulungu chimachotsadi tchimo, koma sichifafaniza mbiri ya munthu. Chimaitenga monga iliri ndi kuigwiritsa ntchito.

Tissot adamwalira mu 1902 asadatsirize zithunzi za Chipangano Chakale zimene adaziyamba. Mwa zonse zimene adasiya, zambiri zimatiphunzitsa za nsalu ndi miyala ya ku Palestine. Chimodzi chija cha pa mtanda chimatiphunzitsa kulapa, ndipo akadapanda kudziŵa kulakwa kwake, sakadachijambula.