Kalumo ka Mlendo

Mtengo wa chimanga ukakwera, kapena galimoto zikandandalika pomwetsera mafuta muno mu Mzuzu, sipalephera kupezeka munthu wousa moyo nati, "Bola nthawi ya azungu." Mawuwa timawamva mumsika, pamaliro, ngakhale pakhonde la tchalitchi Misa itatha. Ambiri owanena anabadwa mbendera ya Angerezi itatsika kale mu 1964. Kudandaula kwawo sitikunyoza, pakuti mavuto awo ndi enieni ndipo nafenso tikuwalawa. Chimene tikukana ndi ganizo lobisala m'kati mwa mawuwo, loti mtundu wa anthu ukavutika, mankhwala ake ndi mlendo wamphamvu wodza ndi mfuti kudzaulamulira. Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tione m'mene kalumoko kanametera kuno kumpoto.

Tiyambe ndi kuvomera zoona. Ku Karonga kunali Mlozi, wogula minyanga ndi anthu, amene anamanga malinga pakati pa Ankhonde. Mu 1887 anthu ake anatentha mabango a ku Kambwe m'mene Ankhonde anabisala, ndipo ambiri anafera momwemo. Nkhondo yolimbana naye inayambika ndi amalonda a African Lakes, ndipo inatha mu Disembala 1895, pamene Harry Johnston anagumula linga lake, Mlozi nanyongedwa. Mayi amene anamasulidwa goli tsiku limenelo, mukanamufunsa ngati kubwera kwa Angerezi kunamuthandiza, sakanachedwa kuyankha. Wonena kuti palibe chabwino chinachitika pamenepo akunyoza misozi ya akapolo.

Koma womasula uja sanabwerere kwawo ntchito itatha. Anakhala zaka zina pafupifupi 70, ndipo funso lathu lagona m'zaka zimenezo.

Otamanda atsamunda amathamangira kutchula sukulu ndi zipatala. Apa mpofunika kulekanitsa mankhusu ndi mphale. William Koyi, mlaliki wachikuda wochokera ku South Africa, anakhala pakati pa Angoni ku Njuyu kuyambira 1882. Mishoni ya Ekwendeni, pafupi ndi mzinda wathu uno, inatsegulidwa mu 1889, ndipo Robert Laws anayamba kumanga ku Khondowe mu 1894. Koma Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa boma la Angerezi mu 1904, Alfred Sharpe atakambirana ndi mafumu awo. Ndiye kuti choko ndi mankhwala zinafika kuno boma lisanafike, zinadza ndi anthu opanda mfuti, amene anachita kupempha malo kwa mafumu. Boma lenilenilo linatsegula ofesi yoona za maphunziro mu 1926, ndipo sukulu yake yoyamba ya sekondale, ya ku Dedza, inatsegulidwa mu 1951, patapita zaka 60 chilandire dziko. Kholo lotere kumudzi akanaliitanira ankhoswe.

Chimene boma silinachedwe nacho ndi msonkho wa nyumba. Munthu wolima mawere ndi kuweta ng'ombe, wosadziwa shilini, anafunika tsopano kupeza ndalama chaka ndi chaka. Kuno kunalibe minda yambiri ya azungu yoti nkugwirako ntchito, kunalibe njanji, misewu inali yosaoneka bwino. Choncho amuna anauyamba ulendo wapansi wa ku Salisbury, Bulawayo ndi Joni. Ena anatchuka komweko, monga Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Koma ambiri anangotchona. Pafupifupi banja lililonse la ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay lili ndi dzina la gogo amene anapita osabwerako, ndi mbiri ya mayi amene analima yekha, nafolera nyumba yekha, nakalamba akuyang'ana kunjira. M'mabuku a boma munalembedwa msonkho umene unalowa. Za mayi uja munalibe mzere.

Itabuka nkhondo ya 1914, imene sinali yathu, amuna zikwizikwi anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ntchito ija ya mtengatenga, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Inkosi Chimtunga atakaniza anthu ake kupita, boma linamuchotsa paufumu mu 1915 nilimupititsa kummwera. Izi zinachitika patangopita zaka 11 chigwirizanirane mwamtendere.

Ngakhale Mzuzu amene timanyadirayu anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati munda wa mitengo ya tung, imene mafuta ake ankafunika kunja. Mundawo sunapite patali. Mzindawu anaukuza ndi anthu amene anatsalira pano. Ndipo tikatsika phiri kulowera kunyanja tifika padoko la Nkhata Bay, pamene pa 3 Marichi 1959 khamu linasonkhana pofuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Asilikali anaombera, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Ambiri anali alimi ndi asodzi, ndipo mlandu wawo unali kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 iwo atakana poyera.

Wina anganene kuti izi nzakale, ndipo mlendo wa masiku ano ndi wophunzira. Tiyeni tsono tiponye maso kutali, ku Iraq. Kumenekonso kunali Mlozi wakewake. Saddam Hussein anali wankhanza zedi. Mu 1988 ndege zake zinathira mpweya wapoizoni pa mzinda wa Halabja, ndipo anthu pafupifupi 5,000 anafa. Mu Marichi 2003 America ndi Britain analowa m'dzikomo ndi nkhondo, ponena kuti muli zida zoopsa zopululira anthu. Zidazo sizinapezeke. Apapa Yohane Paulo Wachiwiri anali atayesetsa kuletsa nkhondoyo, mpaka kutuma Kadinala Etchegaray ku Baghdad ndi Kadinala Laghi ku Washington, koma sanamveredwe.

Saddam anagwa, ndipo ananyongedwa mu Disembala 2006. Ambiri anasangalala, makamaka Akurdi ndi Ashia amene anawazunza, ndipo anthu anayamba kuponya voti ndi kulankhula mosaopa boma. Izinso tizivomere. Koma olamulira achilendo anathetsa gulu lonse la asilikali a dzikolo mu Meyi 2003, amuna odziwa mfuti nasanduka malova tsiku limodzi. Zotsatira zake zinali mabomba m'misika ndi kuphana pakati pa oyandikana nyumba. Pamene asilikali a America ankatuluka mu 2011, anthu wamba oposa 100,000 anali atafa, ndipo mamiliyoni anali atathawa m'nyumba zawo. Mayi wa ku Baghdad anapatsidwa ufulu wosankha nduna, koma analandidwa mtendere wotuma mwana kukagula buledi.

Abale athu m'chikhulupiriro ndiwo ena amene kalumoko kanawacheka kwambiri. Eklezia wa ku Iraq ndi wakalekale, wolankhulabe chinenero chapachibale ndi chimene Ambuye ankalankhula. Nkhondo isanayambe akhristu kumeneko ankaposa miliyoni imodzi. Patapita zaka 20 otsala sankafika ndi theka lomwe. Arkiepiskopi wa ku Mosul, Ambuye Paulos Faraj Rahho, anagwidwa ndi zigawenga akuchokera ku Njira ya Mtanda, ndipo mtembo wawo unapezeka mu Marichi 2008. Mu 2014 zigawenga za ISIS zinalanda Mosul, akhristu onse nathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Apapa Fransisko atapita kumeneko mu Marichi 2021, anapemphera pabwalo, pakati pa matchalitchi anayi ogumuka.