Mapazi a Charles Thomu

Ku Misuku mkangano wa mpira sutha msanga. Alimi a khofi akatsika m'mapiri n'kukumana pamsika, wina angotchula usiku wa pa 25 Januwale 2022, pomwe Flames idagonja 2-1 kwa Morocco ku Yaoundé pampikisano wa chikho cha Africa, basi Chisukwa ndi Chichewa zayamba kupikisana. Ena amati goloboyi Charles Thomu ndiye adatigonjetsa: firikiki ya Achraf Hakimi idachokera kutali, iye akuiona, adalekeranji kuigwira? Ine ndimakana, ndipo umboni wanga uli m'mapazi a mnyamatayo.

Mukapeza mwayi woonanso masewerowo, mpira musautsate. Yang'anani munthu ali pagoloyo. Gabadinho Mhango atamenya chigoli chakutali chija pa mphindi ya 7, Morocco idakhamukira kwathu, ndipo Thomu sadaimenso malo amodzi. Mpira ukapita kumanja, iye akusendera kumanja ndi timasitepe tating'ono, chidendene chili m'mwamba, mawondo opinda pang'ono. Sapingasa miyendo, poti wopingasa miyendo mpira ukamudzidzimutsa alibe mwendo wodumphira. Womenya akangokweza phazi, iye waima kale nji, thupi lagawika mofanana pa miyendo yonse iwiri. Kudumpha kumene masapota amaombera m'manja kumabwera pamapeto. Ntchito yeniyeni idachitika mpira usadamenyedwe, ndipo wailesi siitchula.

Palinso kusankha: uwu ndigwire, uwu ndikankhe. Mpira wamphamvu, pamaso pali adani, saukumbatira. Amaukankhira kumbali kapena pamwamba pa golo, kupereka kona m'malo mobwezera mpira pakati pomwe Youssef En-Nesyri akudikira. Ndi nzeru zomwezi zidatipatsa 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané sabata imodzi m'mbuyomo, Thomu n'kusankhidwa wosewera bwino koposa tsiku limenelo. Senegal yomweyo ndiyo idatenga chikho.

Tsono firikiki ija ya pa mphindi ya 70. Goloboyi akaimika khoma amagawa golo pawiri: mbali iyi atseke anzake, mbali inayo atseke yekha. Khomalo limamutchinganso maso, moti mpira amauona utadutsa kale mitu ya anzake. Akasendera msanga kuthamangira kuseri kwa khoma, womenya wochenjera amaponya komwe wachokako, ndipo pamenepo mlandu ungakhaledi wake. Choncho amayenera kudikira, podziwa kuti mpira ukapita pakona yam'mwamba ndi liwiro, dzanja lifika mochedwa. Hakimi adali atachinya kale firikiki ina yotere pokumana ndi Gabon m'mpikisano womwewo. Sadachite mwamwayi.

Anzanga a pamsika akafika apa amati, nanga chigoli cha En-Nesyri kutatsala pang'ono kupumula? Chimenecho chidali cha mutu, ndipo funso lake lipite kwa amene adalola mpira kuponyedwa m'bokosi, ndi amene adamusiya mkuluyo kudumpha. Firikiki nayonso ili ndi mwini wake, amene adachita faulo pamalo oti Hakimi amawakonda. Koma anthu amenewa kamera siikhala nawo. Imathamangira wogwa pansi, ukonde ukugwedezeka kumbuyo kwake, ndiye nkhope yokhayo imene aliyense ku Misuku adagona akuikumbukira.